Mpando wa a Meya Wasowa

"Andibera mpando!"

Mawuwo anatuluka m'foni mwaukali moti mkulu wa polisi anaichotsa kukhutu n'kuiyang'anitsitsa. Kenako anaibwezera mwaulemu.

"Pepani a Meya, za mavoti ife sitilowererapo. Ngati makhansala akuchotsani..."

"Wachotsedwa ndani? Ndikunena mpando, mpando wokhalira! Wachikopa, wamatayala! Nditumizireni munthu wanzeru msonkhano usanayambe."

Mkulu wa polisi anamwazamwaza maso muofesimo kufunafuna munthu wanzeru. Onse anawerama ngati otanganidwa, kupatula Sajeni, mayi wa thupi lake, wosathamanga polankhula, amene pa nthawiyo n'kuti atangoviika buledi m'tiyi.

"Sajeni, siyani zimenezo. Pitani kukhonsolo."

Sajeni anamaliza kaye buledi wakeyo.

* * *

Holo ya misonkhano ya khonsolo ya mzinda inkanunkha polishi. Pakati panali tebulo lalitali, mipando yamatabwa itandandalikidwa uku ndi uku, koma kumutu kwa tebulolo kunali mpata ngati pamene pazuka dzino. A Meya anaima pampatapo atagwira m'chiuno. Anali munthu wamfupi, wa mimba yotsogola, ndipo tcheni chawo chaulemu chinkawafika pamchombo.

"Unali apa," iwo anatero akuloza pansi. "Dzulo m'mawa ndinaukhalira ndekha. Lero kulibe. Masana ano tili ndi msonkhano wa makhansala onse. Tikambe za masiteji a minibasi, za zinyalala, ndi... china chija n'chiyani, a Mlembi?"

Mlembi wa khonsolo, bambo wowonda wa tayi yofiira, anakhosomola pang'ono. "Za ovulala pantchito, bwana. Zimenezo zinaikidwa kumapeto."

"Eya, kumapeto."

Sajeni anayang'ana mipando yamatabwa ija. "Nanga bwanji osangobwerekako umodzi mwa iyi, lero lokha?"

A Meya anatembenukira kuwindo. Mlembi anasendera pafupi ndi khutu la Sajeni.

"Zayesedwa kale zimenezo, mayi. Pamene zinayesedwa, pamwamba pa tebulo panangooneka mphumi ndi magalasi. Mpando wosowawo uli ndi kachitsulo kokwezera."

"Wakubayo ndamugwira kale," anatero a Meya osacheuka. "Ndi mlonda wa pageti. Ndamulanda chipewa, ali m'chipinda chophikira tiyi. Inu kantchito kanu n'kongomufinya aulule kumene wagulitsa, kenako mukamutsekere. Ntchito ndiye yamuthera."

Sajeni anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linzake, n'kuyang'ana pansi mopendekera. Papolishipo panali timizere ta timatayala, tochokera kumutu kwa tebulo kukafika kukhomo. Kumeneko timizereto tinaima, tinazungulira, kenako tinatuluka panja tili tozama kuposa poyamba.

"Mpando wopanda munthu sukanda pansi chonchi," iye anatero. "Pochoka apa unali wokha. Potuluka pakhomopo panali munthu, ndipo munthu wake si wamasewera." Anawayeza a Meya ndi maso. "Inu ayi, bwana."

Pafupi ndi khomo lomwelo panali mkwasa umodzi wautali, ngati chinthu chinaterereka. Sajeni anautsata mpaka pansi pa benchi ya alendo, n'kutulutsamo kamphira kakuda kooneka ngati kachivindikiro, kakutha mbali imodzi. Anayang'ana miyendo ya mipando yonse ya m'holomo. Panalibe wovala kamphira.

Anakaponya m'thumba.

* * *

Mlonda anadzidzimuka ataona yunifolomu, n'kuchita saluti pamutu wopanda chipewa. Anali mdala wa imvi, wowongoka ngati mzati, koma maso ake anali ofiira.

"Mpando sunadutse pageti langa, bwana!"

"Khalani pansi, bambo."

"Sindikhala pa nthawi ya ntchito, bwana! Ine ndimasecha chilichonse. Mkazi wanga weniweni akandibweretsera chakudya, ndimavundukula kaye mbale. Mpando wonsewo ungandidutse bwanji?" Mawu ake anatsika. "Ndakalambira pageti limenelo, mayi. Akandichotsa ndi dzina la wakuba, ndikalondera kwa yani?"

"Musathawe," anatero Sajeni.

"Sindithawa pa nthawi ya ntchito, bwana!"

Desiki la Mlembi linali m'khonde, moyang'anizana ndi khomo la holo. Munthu sakanalowa kapena kutuluka osamudutsa pamphuno.

"Dzulo masana munali kuti, a Mlembi?"

"Ndinapezeka pano."

"Analowa ndani m'holomo?"

"Palibe amene anayembekezeredwa."

"Sindinafunse oyembekezeredwa."

Mlembi anakonza tayi. "Anthu wamba amaonekera nthawi ndi nthawi, mayi, koma dzulo ndinagwidwa ndi foni. Kunkakambidwa nkhani yaikulu, ya makatani a muofesi ya a Meya. Phokoso linalake linamveka ndithu, koma silinatsatidwe." Anasuzumira uku ndi uku. "Zikanakhala kuti maganizo anga afunsidwa, pakanatchulidwa khansala wa dera la kumsika. Ameneyo mpando wa a Meya amaulota ngakhale masana."

* * *

Khansala wa kumsika anthu ankangomutcha a Sindikuvomereza, chifukwa chilowereni m'khonsolo anali asanayambepo chiganizo ndi mawu ena. Sajeni anawapeza ataima patsinde pa mulu wa zinyalala wotalika kuposa denga la msika, atavala nsapato zosiyana, ina yakuda ina yofiirira.

"A Khansala, ndabwera pa nkhani ya..."

"Sindikuvomereza!"

"Sindinanene kanthu."

"Ndamva kale. Akuti ndaba mpando. Mayi, mpando umenewo ndimaufuna, sindibisa, koma ndikufuna a Meya adzauchoke ali maso, anthu akuwomba m'manja. Kuba ayi. Dzulo masana onse ndinali apa." Analoza pamwamba pa mulu. "Ndinakwera ndi mtolankhani kuti andijambule, dziko lione mmene khonsolo yalepherera. Ndili mkati molankhula, pansi panangoti fwaa! Ndinamira mpaka m'chiuno."

"Zoona zimenezo," anatero mayi wogulitsa nthochi pafupi pomwepo, akuingitsa ntchentche. "Tinachita kuwazula ndi chingwe chomangira katundu. Tikuwakoka chonchi, iwo ali, sindikuvomereza, sindikuvomereza. Nsapato ina ikadali momwemo."

"Munatuluka nthawi yanji?"

"Msika ukutsekedwa. Ndipo kunyumba amayi anakana kundilowetsa mpaka nditasambira panja." Khansalayo anatsitsa mawu. "Inu pitani kudepoti, kwa otola zinyalala. Galimoto yonyamula katundu wotero ali nayo ndi iwowo. Ndipo mkwiyo ali nawo."

* * *

Galimoto yotola zinyalala inalipodi kudepoti. Inali itakhazikidwa pamiyala, matayala akumbuyo kulibe, udzu utamera kuzungulira. Pampando wa dalaivala panali nkhuku itafungatira mazira. Anthu ovala maovololo anakhala pamthunzi wa galimotoyo akusewera makadi pakatoni.

Dalaivala, bambo wa ndevu zosapesa, anamvetsera funso la Sajeni mpaka kumapeto, n'kuponya kaye khadi.

"Amayi," iye anatero mwaulesi, "galimoto iyi ikanakhala ndi mphamvu zokaba mpando, bwenzi itayamba yatola zinyalala. Funsani nkhukuyo, ndiyo ikuiyendetsa masiku ano."

"Inaima liti?"

"Kuyambira tsiku limene chitseko chakumbuyo chinathothoka n'kugwera mnzathu Fosholo pamwendo. Tinati sitikweranso mpaka akonze. Makaniko anabwera, anachotsa matayala kuti akawaone, osabwereranso."

"Fosholoyo ndani?"

"Wonyamula migolo. Chimunthu. Mgolo umene ife timanyamula awiri, iye ankaunyamula ndi dzanja limodzi, linalo akudya."

Sajeni anapisa m'thumba n'kuika kamphira kaja pakati pa makadi. "Aka mukukadziwa?"

Wina wa mano otalikirana anaseka. "Aaa, si ka ndodo ya..."

Jombo ya dalaivala inatera pachala chake. Munthuyo anameza mawu otsalawo limodzi ndi kulira.

"Ndodo ya ndani?"

"Ya... ya tsache, bwana."

"Tsache lovala nsapato," anatero Sajeni. Anatola kamphirako n'kukapukuta. Tsopano anakazindikira: kanali ka kunsi kwa ndodo yoyendera munthu wovulala. "Fosholoyu amakhala kuti?"

Onse analoza nthawi imodzi. Wina kum'mawa, wina kumadzulo, wina kuseri kwa depoti. Dalaivala analoza kumwamba, kenako ananamizira kukanda m'mutu.

* * *

Mlonda anali chiimire pamalo pomwe Sajeni anamusiya paja.

"Bambo, za mpando iwalani. Ndiuzeni chilichonse chamatayala chimene chinatuluka pageti dzulo."

"Galimoto ya a Meya, bwana! Njinga ya mesenjala! Wilibala ya wosamalira maluwa! Chikuku cha wodwala!"

"Chikuku chanji?"

"Wodwala wamkulu thupi, bwana, mwendo uli m'chikhakha. Mkazi wake akukankha, atamufundika nsalu kumbuyo konse mpaka pansi. Ndinawatsegulira geti lalikulu. Ndinawathandizanso kudutsa pangalande. Kulemera kwake, bwana, ngati thumba la simenti lanyowa!"

"Polowa anabwera nacho chikukucho?"

Maso a mlonda anapita kudenga.

"Polowa... anayenda ndi ndodo ziwiri."

"Potuluka?"

"Imodzi ndi theka. Atazipingasa pamiyendo."

Dzanja limene linali pamphumi linatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kutseka pakamwa.

"Mayo ine," ananong'ona mdalayo. "Ndinauchitira saluti."

* * *

Siteji ya minibasi inali kutsidya kwa msewu, ngakhale kuti siteji yeniyeni panalibe. Khonsolo inali isanagwirizane poiika, choncho minibasi zinkangoima paliponse pamene buleki yagwirira. Sajeni anafunsa oitanira atatu, onse anamulozera kwa kondakitala wina wa mawu osasa, wotchedwa Sunthani.

"Amayi, ngati ndi za chitseko chomanga ndi chingwechi, mawa tikonza, ndalumbira."

"Dzulo munanyamula munthu wa chikhakha?"

"Aaa, abwana aja!" Sunthani anamenya denga la minibasi ndi chikhatho. "Chiyambireni ntchito ino sindinaone. Ndanyamulapo mbuzi, bokosi lamaliro lopanda mwini, ngakhale mkwati wothawa ukwati, koma munthu wobwera ndi mpando wakewake ayi. Tinapinda kampando ka pakhomo, tinawakweza ndi mpando womwe, amuna anayi. Ndiye matayala aja, amayi! Dalaivala akaponda buleki, abwana ali kutsogolo kukapereka moni. Akaponda moto, abwana ali kumbuyo, pamiyendo ya abusa. Abusawo anayamba ndi kupemphera, anamaliza ndi mawu ena."

"Mpando wake wooneka bwanji?"

"Nsalu itagwa tinauona. Wakuda, wachikopa, wonunkhira ofesi. Ine ndinati mpandowo ulipire pawokha. Mayiwo anati, iwe ndiye utilipire, chifukwa wakowo sitinaukhalire. Pakamwa pamene paja, amayi, ine ndinagonja. Ine Sunthani!"

"Anatsika pati?"

"Kumapeto kwenikweni, pathanki ya madzi. Nyumba ya chitseko chobiriwira. Kwerani ndikakusiyeni. Sunthani kumbuyoko, boma likhale!"

* * *

Asanafike pachitseko chobiriwiracho, Sajeni anamva kaphokoso ka timatayala pasimenti: gudugudugudu, zii. Gudugudugudu, zii. Anasuzumira pampanda.

Pakhonde panali chimunthu cha mapewa ngati chitseko, mwendo wamanzere uli m'chikhakha chakuda ndi fumbi. Chinakhala pampando wachikopa, chikudzikankha ndi ndodo ngati wopalasa bwato, tsache lili m'dzanja linalo. Chikafika kumapeto kwa khonde, chinkazungulira kawiri osafunikira, n'kuseka chokha.

"Odi!"

Fosholo ataona yunifolomu anatambasula manja ndi mapewa, kuyesa kubisa mpando ndi thupi.

"Ndabwerera mpando wa a Meya," anatero Sajeni.

"Mpando? Mpando wanji, bwana?"

Pamwamba penipeni pa mutu wake, chizindikiro cha khonsolo chinkanyezimira padzuwa.

"Atate a mapasa, musadzivute kunama, simutha." Mawuwo anachokera kuseri kwa nyumba. Kunatulukira kamayi kochepa thupi, thovu la sopo lili m'manja mpaka m'zigongono. Kanapukuta manjawo pansalu, kanakokera Sajeni kabenchi. "Khalani, a Sajeni. Ndimadziwa kuti mubwera, kungoti ndimayesa mufika mawa, nditachapako zofunda."

"Mukuvomera kuti munaba?"

"Kuba ayi. Tinapatsidwa."

"Ndi ndani?"

"A Mlembi."

Sajeni anakhala pakabenchi paja. "Yambirani poyamba, mayi."

Amake mapasa analoza mwamuna wawo ndi chibwano. "Munthu uyu mukumuona kukula kwake? Chimugwereni chitseko cha galimoto, womupititsa kuchimbudzi ndine. Kumsana, ngati khanda. Kukasamba, ndine. Ndodo zimene anatipatsa kuchipatala anapangira anthu wamba, iyeyu akatsamira zimalira. A khonsolo anabwera kamodzi, anatigwira chanza, anati chikuku chikubwera. Tadikira mpaka ana asiya kufunsa. Dzulo ndinati tiyeni tikadzionetse, mwina anaiwala nkhope."

"Ndiye?"

"Tafika, a Mlembi ali pafoni. Atikodola ndi dzanja kuti tidikire m'holomo. Polishi wake uja mwamuona. Ndodo inangoti tsee, kamphira uko, ndodo thyo! Bambowa anagwa ngati mtengo, mawindo mpaka kunjenjemera. Ine kukoka, osatheka. A Mlembi anasuzumira, atatseka foni ndi chikhatho, n'kunena kuti, musagone pamenepo, tengani mpando uliwonse. Basi anabwerera kufoni." Mayiyo anatambasula manja. "Uliwonse, a Sajeni. Ine makolo anandiphunzitsa kumvera akuluakulu. Ndinasankha."

"Nanga nsalu munaufundikiranji?"

"Dzuwa limawononga chikopa."

Sajeni anayang'ana kumbali, n'kukhosomola nthawi yaitali ndithu.

"Dzulo madzulo," anatero Fosholo ndi mawu apansipansi, "ndinapita kuseri ndekha. Ndekha, bwana. Ndinatseka chitseko ngati munthu wamkulu." Anasisita chikopa cha mpando. "Tikanabweza. Timangofuna msana wa amake mapasa upumeko."

"Mlonda wa pageti wachotsedwa ntchito chifukwa cha mpando umenewu," anatero Sajeni. "A Meya akufuna ndikamutsekere lero."

Tsache linagwa m'manja mwa Fosholo.

"Mdala uja? Amene anatinyamula pangalande?" Anayang'ana mkazi wake. "Ayi, zimenezo ayi. Mangani ine, bwana."

Amake mapasa anafinya nsonga ya nsalu yawo. "Za mdalayo sindinaganize," iwo anatero. "Utengeni mpandowo, a Sajeni. Koma mumutsitse nokha munthuyu, ndipo mundiuze pomuika. Msana wanga wakana."

Sajeni anayang'ana mpando, anayang'ana chimunthu chili pamenepo, anayang'ananso kamayi kaja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anaimirira n'kukonza lamba.

"Kwathu kupolisi amati katundu wobedwa aziperekedwa mmene wapezekera, osasuntha kanthu. Valani malaya abwino, bambo. Tikupita kumsonkhano."

* * *

Msonkhano unali utayamba kalekale. A Meya ankautsogolera chiimire, akusinthanitsa miyendo ngati dokowe. Nkhani ya masiteji inali itatumizidwa kukomiti, ndipo tsopano makhansala anali pa mkangano woopsa wakuti migolo ya zinyalala ipakidwe utoto wachikasu kapena wobiriwira. Pabenchi ya alendo, mtolankhani uja ankasinza, kamera ili pamimba.

Kunja kunamveka gudugudugudu.

Chitseko chinatseguka. Sajeni analowa akukankha mpando, Fosholo ali pamenepo ndi malaya oyera osatsekeka mabatani, chikhakha chili patsogolo ngati mfuti yaikulu. Amake mapasa ankatsatira, ndipo kumbuyo kwawo kunali mlonda, akuguba wopanda chipewa. Sajeni sanaime mpaka kumutu kwa tebulo. A Meya anachita kudumphira kumbali.

"Katundu wanu, bwana. Wapezeka."

"Mpando wanga!" A Meya anatambasula manja, kenako anaona kuti muli munthu. "Uyu ndani? Mutsitseni! Mumangeni!"

"Ndi wantchito wanu, wotola zinyalala. Kumanga ndingathe, bwana, mukadandaula. Kungoti mukatero, mpandowu ndi umboni. Upita kupolisi mpaka mlandu udzathe kukhothi, ndipo milandu yathu mukuidziwa mayendedwe ake. Chipinda chathu chosungira umboni chimadontha. Mulinso makoswe okonda chikopa."

Sajeni anapitiriza.

"Komanso woyamba kuitanidwa kukhothi adzakhala munthu amene anawauza kuti atenge mpando uliwonse."

Mitu yonse inatembenukira kwa Mlembi, amene tsopano ankaoneka ngati akufuna kulowa m'tayi yake.

"Mawu otero mwina ananenedwa," iye anatero.

"Ananenedwa ndi ndani?" anafunsa a Meya.

"Ndi... pakamwa panga, bwana."

Mtolankhani anali atadzuka. A Meya anamuona akupukuta diso la kamera, ndipo nkhope yawo inasintha msangamsanga, mkwiyo n'kusanduka chifundo cha pamsonkhano.

"Palibe mlandu apa," iwo analengeza. "Khonsolo ino ndi kholo. Mpandowu tinachita kubwereketsa."

"Ndiye mlondayu alibe chifukwa," anatero Sajeni.

Chipewa chinapezeka m'kabati. A Meya anachita kunyanyamphira kuti amuveke mdalayo, ndipo iye anachita saluti yamphamvu, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Tsopano bamboyu atsike, akhale pabenchipo."

"Sindikuvomereza!" anakuwa khansala wa kumsika. "Akakhala pabenchi, kwawo abwerera bwanji? Chikuku chimene tinavomereza, chimene ine ndinakana koma munandiposa mavoti, chili kuti?"

Mlembi anakweza chala mwamantha. "Chinafika, bwana. Chinasungidwa m'sitolo, kuseri kwa makatani akale."

"Chinafika liti?"

"Mvula isanayambe. Chimadikira mwambo wopereka. Wojambula anali asanapezeke."

Palibe anaseka. Amake mapasa anamuyang'ana Mlembi osaphethira, mpaka iye anadzuka yekha n'kuthamangira kusitolo.

Podikirapo, Fosholo anakhosomola. Atakhala pamene anakhalapo, kumutu kwa tebulo, makhansala onse anapezeka akumuyang'ana ngati ndiye mwini msonkhano.

"Akuluakulu, ine kulankhula sinditha," iye anatero. "Mwendo uwu adokotala akuti udzapola, koma mgolo sindidzanyamulanso ngati kale. Zimenezo zachitika, zapita. Koma chitseko chija tinakuuzani kuti chikugwedera, tinachimanga ndi waya mpaka wayayo anatopa. Mukadzabweza matayala osakonza chitseko, chidzagwera wina. Ine chinandipeza ndine wamkulu, chinathyola mwendo. Anzangawo ndi ochepa thupi. Utoto pakani uliwonse, zinyalala sizisankha."

Anamaliza n'kuyang'ana pansi mwamanyazi. Khansala wina wachizimayi anayamba kuwomba m'manja, ena n'kutsatira. Ngakhale a Sindikuvomereza anagwedeza mutu, ngakhale sizinadziwike kuti akugwedezera mbali iti.

Mlembi anabwera akukankha chikuku chatsopano, chikadali m'pulasitiki, akangaude atamangapo kale nyumba. Anachiimika pambali pa mpando. Pakati pa mipando iwiriyo panali kampata kochepa, koma Fosholo sakanatha kuwoloka yekha.

Onse anayang'ana amake mapasa. Iwo anapinda manja pachifuwa.

"Ine ndanyamula kokwana. Lero ndi tsiku la khonsolo."

"Ine ndigwira mpandowu kuti usathawe," anatero Sajeni msanga.

Makhansala anayi anavula majekete monyinyirika. Awiri anagwira miyendo, awiri m'chiuno. Mtolankhani anakweza kamera. A Meya ataona zimenezo anakankha khansala wina, anaponyera tcheni chawo kumsana, n'kulowetsa manja m'khwapa mwa Fosholo, kumene kunali kulemera konse.

"Bwana, pindani mawondo," anachenjeza amake mapasa.

"Mayi, ine ndanyamula mzinda wonse uno pamapewa. Tiyeni! Kwezani!"

Fosholo anakwera m'mwamba pang'ono, anapendama, n'kutera m'chikuku kuti khu! Kamera inang'anima. Koma pakati pa phokosolo panamveka kaphokoso kena kakang'ono, ngati munthu wathyola kamtengo kouma.

Makhansala anawongoka akupuma mwawefuwefu. A Meya sanawongoke. Anatsala chiweramire, manja ali lende, maso ali pansapato zawo. Mpando wawo unali pomwepo, wopanda munthu, koma sanathe ngakhale kuutembenukira.

"A Mlembi," iwo anaitana ndi kamawu kakang'ono.

"Bwana?"

"Za utoto zisiyeni. Munthu akavulala ali pantchito ya khonsolo... timamuchitira chiyani?"

"Sizinakambidwebe, bwana."

"Zikambidwe. Pompano."

Amake mapasa anasendera pafupi, anayendetsa zala pamsana wa a Meya ngati munthu wodziwa, n'kudina pamalo ena. A Meya anakuwa. Mayiyo anapukusa mutu mwachisoni, anawerama mpaka nkhope zawo zinayang'anizana.

"Pepani, bwana," iwo anatero. "Kodi amayi kunyumbako, msana wawo ndi wolimba?"